Maphunziro Oyamba a Usilikali: Zimene Wolowa Kumene Amakumana Nazo

Maphunziro oyamba a usilikali ndi nthawi imene munthu wamba, wochokera kumudzi kapena m'tauni, amasulidwa kuti akhale msilikali. M'Malawi muno ntchitoyi imachitika makamaka kusukulu ya asilikali ya Malawi Armed Forces College, yomwe ambiri amangoti MAFCO, m'boma la Salima, ndipo imatenga pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Sukuluyi poyamba inkatchedwa Kamuzu Military College. Wofuna kukhala msilikali, kaya adzakhala wogwira mfuti kutsogolo, dalaivala, wophika, wachipatala kapena woliza lipenga m'bandi, amayamba wadzera pakhomo limeneli. Cholinga cha miyezi yonseyi ndi kutulutsa munthu amene anzake angamudalire ngakhale atatopa, njala itamupweteka, tulo tili m'maso ndiponso mantha atamugwira. Zonse zimene wophunzira amakumana nazo, kuyambira kumetedwa mpala mpaka kugona kutchire, zimachokera pa cholinga chimenechi, ndipo amene wadziwiratu chifukwa chake amapirira bwino kuposa amene zangomudzidzimutsa.

Kumene mwambowu unachokera

Zambiri zimene wophunzira amazipeza ku MAFCO zinayamba kale agogo ake asanabadwe. Gulu lankhondo la Malawi linachokera m'gulu la King's African Rifles, lomwe Angerezi anakhazikitsa m'chaka cha 1902. Chidule cha dzinali chinali KAR, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero akuluakulu ena msilikali amamutchabe mkeyala. Asilikali a ku Nyasaland anamenya nawo nkhondo zikuluzikulu ziwiri za dziko lonse, ndipo pa nkhondo yachiwiri anafika mpaka ku Ethiopia ndi ku Burma. Maina a malo a asilikali amasunga mbiri imeneyi. Cobbe Barracks ya ku Zomba inatenga dzina la Alexander Cobbe, mkulu wa asilikali amene analandira mendulo ya Victoria Cross pa nkhondo ya ku Somaliland m'chaka cha 1902, pamene Moyale Barracks ya ku Mzuzu imakumbutsa nkhondo ya m'chaka cha 1940 pa tauni ya Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, gulu loyamba la KAR linasanduka gulu loyamba la Malawi Rifles. Kagubidwe, maudindo ndi mawu olamulira pa perete zinatsatabe njira ya Angerezi. Ngakhale mwana amene sanapondeko kumalo a asilikali anaonapo chithunzithunzi cha perete, popeza magule a malipenga, mganda ndi beni anatengera mizere, mayunifolomu ndi maudindo awo kwa asilikali.

Kulembedwa

M'Malawi munthu sakakamizidwa kulowa usilikali. Amalowa mwa kufuna kwake, atakwanitsa zaka 18, ali nzika ya dziko lino, ali ndi satifiketi ya MSCE ndiponso alibe mbiri ya milandu. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, atsikana nawonso amalembedwa. Akuluakulu a asilikali amalengeza poyera nthawi yolemba anthu pamodzi ndi zoyenereza za chaka chimenecho, ndipo osankhidwa amaitanidwa kukayesedwa. Kumeneko amathamanga, amaonetsa mapepala awo a sukulu ndi chiphaso cha unzika, kenaka achipatala amawaunika maso, makutu, chifuwa, mtima, miyendo ndi mapazi. Kulembedwa usilikali salipira ngakhale tambala. Akuluakulu a asilikali akhala akuchenjeza mobwerezabwereza za akathyali amene amatolera ndalama kwa makolo ponamizira kuti awapezera malo ana awo.

Kubisa matenda pa nthawi yoyesedwa n'kudzipha wekha. Mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena fupa limene linathyoka n'kusapola bwino zimatha kubisika pa tsiku limodzi la kuyesedwa, koma zimadzaonekera munthu ali pakati pa ulendo wautali, dzuwa lili paliwombo, chipatala chili kutali.

Masiku oyamba

Wolowa kumene amatchedwa recruit, ndipo pa makwerero a usilikali palibe amene ali pansi pake. Akangofika amametedwa, amalandira yunifolomu, jombo, chipewa, zogonera ndi zodyera, amapatsidwa nambala yake, n'kuikidwa m'gulu. Gulu laling'ono kwambiri limatchedwa section ndipo limakhala la anthu pafupifupi 10. Magulu otere akakhala atatu amapanga pulatuni ya anthu pafupifupi 30, ndipo mapulatuni angapo amapanga kampani. Anthu amene wophunzira amaonana nawo usana ndi usiku ndi alangizi, makamaka kopolo ndi sajeni. Iwowa ndiwo amamudzutsa, kumufoletsa, kumuphunzitsa ndi kumudzudzula.

Kumeta ndi kuvala zofanana kumachotsa zizindikiro zonse zimene anthu amasiyanirana kunja. Mwana wa mfumu ndi mwana wa mlimi wa fodya, wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje, wopemphera Lachisanu ndi wopemphera Lamulungu, onse amagona m'chipinda chimodzi ndi kudya nsima ya mumphika umodzi. Kulankhulana ndi abale kumachepa kwambiri, ndipo foni imene munthu anazolowera kuigwira mphindi iliyonse saiona monga kale. Masabata oyambirirawa ndiwo amawawa kuposa ena onse, popeza thupi, tulo ndi mtima zimakhala zisanazolowere, ndipo ambiri amene amaganiza zothawa amaganiza nthawi imeneyi.

Tsiku la wophunzira

Tsiku limayamba kusanache. Wophunzira amadzuka mdima ulipo, amayala bedi, amasesa, amavala, n'kukafola panja. Nthawi zambiri chotsatira ndi kuthamanga pagulu, kuimba kuli pakamwa, chifukwa nyimbo imagwirizanitsa mapazi ndiponso imaiwalitsa kutalika kwa msewu. Akabwerako amasamba ndi kudya mwachangu, kenaka tsiku lonse limagawidwa pakati pa perete, maphunziro a mfuti, maphunziro a m'kalasi ndi masewera olimbitsa thupi. Madzulo ndi nthawi yochapa, kusita, kupolisha jombo ndi kubwereza zimene aphunzira. Ena amadzukanso pakati pa usiku kukalondera. Pochoka pamalo ena kupita pena wophunzira sayenda mwachifatse, amaguba kapena kuthamanga.

Kuyendera zipinda ndi chinthu chimene chimadabwitsa olowa kumene. Sajeni amalowa, onse ataima njo pafupi ndi mabedi awo. Amayang'ana mmene bulangete lapindidwira, amapititsa chala pamwamba pa chitseko kufuna fumbi, amatembenuza jombo kuti aone ngati kunsi kwake kuli dothi, amaona zikhadabo, ndevu ndi mabatani. Batani limodzi losamanga likhoza kuchititsa kuti gulu lonse libwereze ntchito. Kwa munthu wakunja izi zimaoneka ngati kuvutitsana chabe, koma diso limene lazolowera kuona fumbi pachitseko ndi lomwelo lidzaone mchenga mumfuti kapena waya wobisika m'njira. Kulangira gulu lonse pa cholakwa cha mmodzi kumaphunzitsa aliyense kuyang'ana mnzake asanatuluke m'chipinda, poti kunkhondo kulakwa kwa mmodzi kumaphetsa onse.

Perete

Maola ambiri a masabata oyamba amathera pabwalo la perete. Wophunzira amaphunzira kuima chilili, kutembenuka, kuguba mofulumira ndi mwapang'onopang'ono, kuchita sawatcha ndi kunyamula mfuti pa mwambo. Mawu olamulira amaperekedwa m'Chingerezi ndipo amakhala ndi zigawo ziwiri: loyamba lokoka, lochenjeza kuti lamulo likubwera, lachiwiri lalifupi ndi lamphamvu, limene mapazi onse amayenera kuliyankha nthawi imodzi. Pa sabata yoyamba mapazi 30 amamveka ngati matalala padenga la malata. Pofika mwezi wachitatu amamveka ngati phazi limodzi.

Masiku ano palibe gulu lankhondo limene limapita kukamenyana litandandalika m'mizere, komabe perete sanathe ntchito. Amazoloweretsa thupi kumvera lamulo msanga, maganizo asanayambe kukangana nalo, ndipo tsiku limene mkulu adzafuule kuti onse agone pansi, kuchedwa kwa kamphindi kochepa kudzasiyanitsa wamoyo ndi wakufa. Pa perete ndi pamenenso wophunzira amadziwira maudindo, kuyambira private, lance corporal, kopolo, sajeni ndi warrant officer, mpaka maofesala kuyambira second lieutenant, kaputeni ndi meja kukafika kwa jenerale. Sawatcha imaperekedwa kwa ofesala polemekeza udindo umene dziko linamupatsa, ndipo ofesalayo amayenera kubweza.

Thupi, mapazi ndi dzuwa la ku Salima

Kulimbitsa thupi kumayamba ndi kuthamanga, kudzikankha pansi ndi manja, kudumpha, kukwera zingwe ndi makoma, ndi kukwawa pansi pa waya. Pang'ono ndi pang'ono mtunda umatalika ndipo katundu amawonjezeka, mpaka wophunzira amayenda maulendo ataliatali atavala jombo, chikwama chili kumsana, mfuti ili m'manja. Wanzeru amayamba kukonzekera miyezi iwiri kapena itatu asanapite, kuthamanga masiku angapo pa sabata ndi kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono, poti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Minofu imalimba msanga kuposa mafupa. Munthu amene sankathamanga akayamba mwadzidzidzi kuthamanga tsiku ndi tsiku pamsewu wouma, fupa la msongolo kapena la phazi limatha kuchita mng'alu waung'ono. Chizindikiro chake ndi ululu wa pamalo amodzi umene umakula akamathamanga, ndipo vutolo likakula sutha ngakhale apume. Vutoli limapezeka kawirikawiri mwa atsikana kuposa anyamata. Wolinena msanga kuchipatala amapola, pamene wolibisa poopa kusekedwa amatha kuthyokeratu fupa n'kubwezedwa kumudzi.

Mapazi ndiwo galimoto ya msilikali. Jombo yatsopano imakhala yolimba ndipo imatulutsa matuza pachidendene ndi pazala, makamaka phazi likanyowa ndi thukuta. Msilikali wozolowera amasankha jombo yomukwana bwino, amasintha masokosi akanyowa, amasambitsa ndi kuumitsa mapazi usiku uliwonse mpaka pakati pa zala, amawenga zikhadabo, ndipo pamalo pamene payamba kutentha amamatapo pulasitala thuza lisanatuluke.

Salima ili m'chigwa cha m'mphepete mwa nyanja, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha kwabasi. Munthu wothamanga ndi katundu padzuwa lotere amataya madzi ambiri kudzera m'thukuta. Njira yapafupi yodziwira ngati thupi lili ndi madzi okwanira ndi kuyang'ana mkodzo: ukakhala woyererako zili bwino, ukakhala wochepa ndi wachikasu chodera ndiye kuti madzi achepa. Choopsa kwambiri ndi pamene thupi latentha kupitirira madigiri 40. Munthu amayamba kudzandira, kulankhula zosamveka kapena kukwiya popanda chifukwa, kenaka amakomoka. Wodwalayo nthawi zambiri sadzizindikira, choncho amene amamupulumutsa ndi mnzake woyandikana naye pamzere. Ameneyu amayenera kuitana mlangizi, kumugoneka pamthunzi, kumumasula zovala, kumuthira madzi thupi lonse ndi kumukupiza pamene akumutengera kuchipatala. Kunyanja kulinso udzudzu wambiri, ndiye kugona m'neti ndi kukayezetsa malungo thupi likangotentha ndi mbali ya mwambo wa msilikali.

Mfuti

Wophunzira salandira mfuti n'kuyamba kuwomba tsiku lomwelo. Choyamba amaphunzira malamulo a chitetezo: mfuti iliyonse imatengedwa ngati ili ndi chipolopolo mpaka mwini wake ataitsegula n'kuona yekha, siilozedwa kwa munthu ngakhale mocheza, ndipo chala sichikhudza chowombera kufikira nthawi yowomba itakwana. Kenaka amaphunzira maina a zigawo zake, kuimasula, kuipukuta, kuipaka mafuta ndi kuimanganso, mobwerezabwereza mpaka manja azichita okha ngakhale mumdima. Amaphunziranso chochita mfuti ikakanirira pakati pa kuwomba. Mfuti iliyonse ili ndi nambala, ndipo kuitaya kapena kuisiya poti mwini wake sangaifikire ndi mlandu waukulu kwambiri.

Akafika pabwalo la chandamale amaphunzira kuti kulasa bwino kumadalira kudekha kuposa mphamvu. Thupi limagona molimba, thako la mfuti limakhazikika paphewa, diso limalunzanitsa zoyang'anira ziwiri ndi chandamale, mpweya umaimitsidwa pang'ono, ndipo chala chimafinya mosatsitimula. Woopa kulira kwa mfuti amatsinzina ndi kugwedezeka chipolopolo chisanatuluke, n'kuphonya. Mlangizi sayamba wayang'ana ngati zipolopolo zalasa pakati. Amayang'ana ngati zagwera pamodzi, chifukwa zikagwera pamodzi ndiye kuti wowombayo akuchita chimodzimodzi nthawi iliyonse, ndipo chotsala n'kungokonza zoyang'anira. Pabwaloli zipolopolo zimawerengedwa popereka, ndipo makoko ake amatoledwa pomaliza.

Kutchire

Maphunziro akafika pakati, gulu limayamba kutuluka kukagona kutchire, poyamba usiku umodzi kapena uwiri, pambuyo pake masiku ambiri. Kumeneko wophunzira amaphunzira kuona iye osaonedwa. Munthu amaonekera chifukwa cha maonekedwe a mutu ndi mapewa, kunyezimira kwa chitsulo kapena nkhope ya thukuta, chithunzithunzi chake, kuima pamwamba pa chitunda kumwamba kuli kumbuyo kwake, ndiponso kusuntha mwadzidzidzi. Choncho amadzipaka nkhope, amasomeka udzu ndi masamba pachipewa, amamanga chilichonse cholira m'chikwama, ndipo amalankhulana ndi anzake ndi manja. Usiku maso amatenga pafupifupi mphindi 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala kwa tochi kapena kwa ndudu imodzi kumawononga zonsezo ndi kuulula pamene gulu labisala.

Amaphunziranso kuwerenga mapu ndi kugwiritsa ntchito kampasi. Pa mapu a muyeso wa 1:50,000, masentimita awiri amaimira kilomita imodzi pansi, ndipo mizere yokhotakhota ikathithikana ndiye kuti pamalopo m'potsetsereka kwambiri. Amawerenga mapazi ake kuti adziwe mtunda umene wayenda mumdima. Amakumba dzenje lobisalamo, amalondera mosinthana, ndipo amaphunzira kuyenda pomenyana, ena akuwomba kuti ateteze anzawo amene akuthamangira kutsogolo, kenaka n'kusinthana. Chakudya chimakhala chochepa, tulo tochepa, mvula ikagwa imathera pathupi. Walira mvula walira matope. Apa ndi pamene alangizi amaonera khalidwe lenileni la munthu: amene amagawana madzi ake, amene amalandira katundu wa mnzake wofooka, ndi amene amagona pa ulonda anzake atamukhulupirira.

Kupulumutsa mnzako

Msilikali aliyense amaphunzira chithandizo choyamba, popeza wovulala kunkhondo amayamba kuthandizidwa ndi amene ali naye pafupi, dokotala asanafike. Mtsempha waukulu wa pamwendo kapena pamkono ukaduka, munthu amatha kufa m'mphindi zochepa, choncho wophunzira amazolowera kupsinja bala mwamphamvu, kumanga lamba wothina kumtunda kwa balalo, kutsegula njira ya mpweya ndi kunyamula wovulala paphewa kapena kumukoka chokwawa.

Tanthauzo la maphunzirowa linaoneka m'mwezi wa Novembala 2018 kufupi ndi Beni, kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, kumene asilikali a Malawi ankagwira ntchito yosungitsa mtendere pansi pa bungwe la United Nations. Pa kumenyana ndi zigawenga za ADF, msilikali wa ku Tanzania anavulala n'kugwa poyera. Private Chancy Chitete wa ku Malawi anamufikira zipolopolo zikuuluka, namukokera pamalo obisika, ndipo akumuthandiza iye mwini anawomberedwa n'kumwalira. Mtanzaniayo anapulumuka. M'chaka cha 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi ulemu waukulu kwambiri kwa osungitsa mtendere. Chitete anali pa udindo wa private, womwe recruit aliyense amatuluka nawo ku MAFCO.

Lamulo ndi malire ake

M'kalasi wophunzira amaphunzira kuti msilikali amamangidwa ndi malamulo awiri, a dziko ndi a usilikali. Kuchoka pamalo popanda chilolezo, kukana lamulo loyenera, kugona pa ulonda ndi kuthawa ntchito ndi milandu, ndipo ikuluikulu imazengedwa m'khoti la asilikali. Ndime 160 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi imatchula ntchito za gulu lankhondo: kuteteza dziko ndi malire ake, kuteteza ulamuliro wotsata malamulowo, kuthandiza boma pa nthawi ya ngozi, ndi kugwira ntchito kunja kwa dziko molingana ndi mapangano amene Malawi anasainira. Mtsogoleri wa dziko ndiye mkulu wa asilikali onse, koma msilikali sakhala wa chipani. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, gulu lankhondo linaima pa zimene malamulo amanena, ndipo wachiwiri wake, Joyce Banda, analumbiritsidwa mwamtendere.

Kumvera kumene perete amaphunzitsa kuli ndi malire. Mapangano a ku Geneva a m'chaka cha 1949 pamodzi ndi malamulo ena a nkhondo amaletsa kupha kapena kuzunza anthu wamba, ovulala ndi adani amene agwidwa kapena agonja. Lamulo loti msilikali achite zoterezi ndi losayenera kulimvera, ndipo wochita sangadzitchinjirize ponena kuti anangotumidwa. Chimodzimodzinso mphamvu za mlangizi zili ndi polekezera. Kufuula, kubwerezetsa ntchito ndi kutopetsa thupi ndi mbali ya maphunziro, koma kuvulaza wophunzira mwadala, kumulanda ndalama kapena kumukakamiza zachisembwere ndi milandu imene iyenera kukanenedwa kwa akuluakulu.

Mtima ndi kumudzi

Kutopa kwa mtima kumagwetsa ophunzira ambiri amene matupi awo ndi olimba. Kupukwa kwawo, nkhawa ya mayi wodwala kapena mwana wosiyidwa, ndi manyazi odzudzulidwa pagulu zimalemera kwambiri usiku. Amene amapirira ndi amene amaganiza za tsiku limodzi lokha, amene amamva kudzudzula ngati kukonza ntchito yake, ndiponso amene wapeza mnzake womuuza zakukhosi. M'gulu lankhondo mulinso atsogoleri a zipembedzo amene wophunzira angathe kulankhula nawo. Achibale nawo ali ndi gawo lawo. Kukonzeratu za ngongole, munda ndi ana munthu asananyamuke, ndi kusamutumizira madandaulo ang'onoang'ono a pakhomo, kumamupeputsira katundu.

Kutsiriza maphunziro

Chakumapeto ophunzira amayesedwa pa kuwomba, kulimba kwa thupi, za m'kalasi ndi ulendo womaliza wa kutchire umene umaphatikiza zonse. Opambana amakonzekera perete wotsiriza, pamene amaguba pamaso pa akuluakulu a asilikali, a boma ndi abale awo, bandi ikuimba, ndipo amene achita bwino koposa amalandira mphoto. Kuchokera apo msilikali watsopano amatumizidwa kugulu lake: ku Cobbe Barracks ku Zomba, ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Moyale Barracks ku Mzuzu, ku Chilumba m'boma la Karonga, kwa asilikali a pamadzi ku Monkey Bay, kwa odumpha m'ndege ku Senga Bay kapena kwa asilikali a ndege. Kumeneko amayamba maphunziro a ntchito imene wapatsidwa. Ena amadzapita kunja kukasungitsa mtendere, ena amadzatumidwa pa ngozi za m'dziko momwemuno, monga mmene asilikali anafukulira anthu m'matope ndi kuwolotsa ena pamadzi namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Pa ntchito zonsezi msilikali amadalira zomwe anazolowera m'miyezi yoyamba ija: kusamala mapazi ndi mfuti, kumva lamulo msanga, kudziwa malire a lamulolo, ndi kuyang'anira mnzake woyandikana naye pamzere.